Yankho kwa alamu pa mabisiketi a chiponde

Alamu, ndamvera uthenga wanu uja. Mwati mabisiketi a chiponde chosinja nokha aphwatalala pa thireyi, atuluka mafuta, ndipo mukawagwira akungonyenyeka. Uvuni musauimbe mlandu. Mtedza pafupifupi theka lake ndi mafuta, makamaka CG7 wofiira uja, ndiye chiponde muzichiwerengera kumbali ya majarini. Cha m'sitolo nthawi zambiri amathiramo mafuta olimba oti chisalekane, kuphatikizapo shuga ndi mchere, ndipo miyezo yambiri ya pa intaneti analembera chimenecho. Chapamtondo chikakhalitsa m'botolo mafuta amayandama, pansi nkutsala chouma gwa. Mukatapa pamwamba bisiketi imanyowa mafuta, mukatapa pansi imanyenyeka. Takasani botolo lonse mpaka pansi musanayeze.

Miyezo yake nayi, lembani. Chiponde kapu imodzi, ngati magalamu 250. Majarini masupuni aakulu 5 okha, osati theka la kapu. Shuga kapu yosadzaza kwenikweni, magalamu 180. Theka likakhala la bulawuni amatuluka ofewa mkati. Dzira limodzi, fulawa kapu imodzi yosatsindira, soda theka la supuni ya tiyi, mchere theka la supuni ya tiyi ngati chiponde chanu mulibe mchere. Mchere umenewu musaudumphe, popanda iwo fungo la mtedza silimveka.

Yambani kumenya majarini ndi shuga mpaka ziyere, kenako chiponde, kenako dzira. Fulawa wosefa pamodzi ndi soda alowe pomaliza, ndipo mukangoona kuti ufa wasowa, lekani. Mukapitiriza kukanda ngati mandasi, mafuta amafinyika m'chiponde nkutuluka, bisiketi nkulimbanso. Ikani mu furiji mphindi 30. Magetsi akathima, khazikani mbaleyo m'beseni la madzi ozizira. Umbani timipira ta supuni imodzi yaikulu, mutsindire ndi foloko mopingasa. Mizere ija si yokongoletsa chabe, phala la chiponde ndi lolemera, ndiye mukapanda kulitsindira kunja kumapsa mkati musanapse. Apapa mutuluka mabisiketi ngati 24.

Uvuni utenthe kaye kufika madigiri 180 Celsius, kenako muwaphike mphindi 10 mpaka 12. Chotsani m'mbali mukangofiira, pakati pakadali pofewa. Apa ndi pomwe anthu ambiri amaonongera: amawanyamula akadali otentha. Asiyeni pa thireyi mphindi 5 kapena 10, amalimba okha akamazizira. Pa mbaula, yalani mchenga pansi pa poto wamkulu, makala ochepa pansi, ambiri pachivundikiro, chifukwa shuga ndi mtedza sizichedwa kupserera pansi.

Mwafunsanso ngati nsinjiro ingalowe m'malo mwa chiponde. Ayi, imalowa kumbali ya fulawa, ndipo kotala lokha. Mtedza ulibe ulimbo uja wa tirigu wogwira phala, ndiye mukachulutsa bisiketi imasweka. Komanso nsinjiro yotendera ndiwo ndi ya mtedza wauwisi. Ikazingeni pang'ono m'chiwaya chouma, moto wochepa, mpaka fungo limveke, apo ayi mumamveka kauwisi.

Mukafuna timibulu tokukuta mkati, Chalimbana ndiye wabwino, maso ake ndi aakulu. Kazingani mukutakasa osaleka, muphule atangoyamba kufiira mkati, chifukwa amapitiriza kupsa ali pa lichero, ndipo akalowanso mu uvuni. Wopserera amawawitsa phala lonse. Akazizira fikisani, mupete, muphwanye pang'ono, theka la kapu lakwana.

Koma musanakazinge, sankhani. Wofota, wakuda, wobooka ndi wachuku tayani, osapatsanso nkhuku. Poizoni wa chuku, aflatoxin uja, satha ndi kukazinga kapena kuphika, ndipo amaononga chiwindi. Mtedza womwe anaunyowetsa kuti usendeke msanga ndi umene umagwira chuku kwambiri, ndiye bola kugula wamakoko nkusenda nokha.

Ngati mabisiketiwa ndi opita nawo kusukulu kapena kutchalitchi, muziwauza anthu kuti muli mtedza, ena umawatupitsa milomo nkuwabanikitsa. Tiana tosakwana zaka 5 tipatseni opanda timibulu, tingatsamwe. Sungani m'chitini chotseka bwino atazizira kotheratu, sabata imodzi amakwana bwinobwino. Mukaphika munditumizire chithunzi cha pansi pa bisiketi, ndione ngati moto unali bwino.