Minimoog yatsopano yodula ija, ndigule kapena ndiisiye?

Sabata yatha wina wanditumizira imelo, akuti wakhala akusunga ndalama kwa zaka ziwiri ndipo mtima wake uli pa Minimoog Model D, synth (chida choimbira chopanga mawu ndi magetsi) yomwe kampani ya Moog inayambanso kupanga, koma anzake akumuseka kuti akufuna kutaya ndalama pa chinthu choti kompyuta imatha kutsanzira. Ndiye akufunsa ngati ma synth akale opangidwanso odulawa alidi oyenera mtengo wake.

Achimwene, ndiyambe ndi zomwe sizikusangalatseni. Ngati mukuganiza kuti nyimbo zanu zikoma chifukwa cha chida chimenechi, iwalani. Besi ya Minimoog ikalowa pakati pa ng'oma, gitala ndi mawu a woyimba, munthu womvera pa foni sangaisiyanitse ndi pulogalamu ya pa kompyuta, kapenanso ndi Model D ya Behringer, kabokosi kopanda kiyibodi kaja koti mtengo wake sukufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengo wa ya Moog.

Ndiye ndalama zonsezo mukulipira chani? Choyamba mtendere wa mumtima. Minimoog yoyambirira inkapangidwa kuyambira 1970 mpaka 1981, kutanthauza kuti ngakhale yotsiriza kutuluka mu fakitale yadutsa zaka 40, ma capacitor, tizida tosunga magetsi mkatimo, atopa, makiyi ena amagwira akafuna, mukaiyatsa muidikire kaye itenthe apo ayi tyuni imangothawa, ndiye ikawonongeka muyambe kusaka katswiri wodziwa kuikonza, ndipo oterowo ndi ochepa. Yatsopanoyi sinatope choncho, ndipo ili ndi MIDI yolumikizira ku kompyuta kapena zida zina ndi LFO yakeyake yonjenjemeretsa mawu, ngakhale nayonso imafuna mphindi zingapo kuti itenthe.

Chachiwiri ndi manja. Dzanja lina lili pa kiyi imodzi, lina likuzunguliza pang'onopang'ono knob ya cutoff, kopotokola kotsegula ndi kutseka mawu, mawu n'kumatseguka ngati munthu akuyasamula. Pa mausi ya kompyuta sizimveka choncho m'thupi, ineyo apa sinditsutsa. Koma dziwani kuti Minimoog imalira noti imodzi pa nthawi, makodi a manoti angapo pamodzi iwalani, komanso ilibe posungira mawu. Mupeze saundi yabwino usiku, mwana adzagwiregwire ma knob m'mawa, yapita imeneyo. Ambiri amangojambula ndi foni mmene ma knob alili.

Chomwe chimandiseketsa ndi synth ina yakale, Prophet-5. Inatuluka mu 1978, amene anaipanga, Dave Smith, anaibweretsanso mu 2020, ndiye poti yatsopanoyo ndi yokhazikika kwambiri anaikapo knob yolembedwa Vintage yoti mukaizunguliza mawu aziyamba kusemphana pang'ono ngati yakale ija. Eti kulipira ndalama zambiri kuti chinthu chatsopano chizichita ngati chokalamba!

Musagulenso ndi maganizo oti mudzagulitsa mokwera. A Moog anatulutsa Model D mu 2016, anasiya, mu 2022 anayambiranso. Chinthu choti kampani itha kupanganso tsiku lililonse sichisowa ngati chakale chija.

Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi yotchipa, kaya Behringer ija kaya Korg MS-20 mini ya 2013, n'kukhala nayo miyezi ingapo. Mukaona kuti tsiku ndi tsiku manja akuthamangira pomwepo ndipo chikukusowani ndi kiyibodi yeniyeni ndi ma knob akuluakulu, kagulenitu Moog yo, bola isakhale ya ngongole. Koma ikachita fumbi pakona, ndalama zanu zija zikadali m'thumba, mugulire ma sipika abwino a mu situdiyo.