Funsani Mmisiri: TV yakale ikukana kompyuta ya masewera

FUNSO: Akulu, ndili ndi baraka pafupi ndi msika wa Ulongwe. Ndakhoma bokosi lamatabwa lokhala ndi mabatani ndi timitengo tiwiri toyendetsera kuti ana azisewera masewera omenyana a Street Fighter II akaweruka kusukulu. M'katimo ndaika kompyuta yakale ndi TV ya mainchi 21, ija ya msana waukulu, imene m'bale wanga anabwera nayo kuchokera ku Joni. Ndinadula nthambo ya VGA, ija yotenga chithunzi kuchokera ku kompyuta, n'kuilumikiza ku pulagi yachikasu, koma pagalasi pakungothamanga mizere ndipo TV ikuimba mluzu. Kumbuyo kwake kulinso malo ena aatali a mabowo 21. Anzanga akuti ndigule TV yopyapyala ya masiku ano. Nditani?
Wowerenga wa ku Ulongwe, Angónia

YANKHO: Achimwene, choyamba zulani nthambo imeneyo lero lomwe. Mluzu mukuumvawo ndi TV ikuvutika, ndipo mukalimbikira muwotcha transistor, kachipangizo ka m'kati koyendetsa mizere.

Vuto lagona pa liwiro. TV yagalasi imajambula chithunzi mzere ndi mzere, ndipo za mtundu wa PAL zimene tili nazo kuno ku Mozambique zimajambula mizere 15,625 pa sekondi. Kompyuta yanu ikatsika kwambiri imatulutsa mizere pafupifupi 31,500. Ng'oma ikamalira mofulumira kawiri kuposa mmene wovina anazolowera, mapazi amasokonekera. Palibe nthambo, ngakhale yowotcherera mwaluso chotani, imene ingachepetse liwiro limeneli. Komanso VGA imatumiza mtundu wofiira, wobiriwira ndi wabuluu pa mawaya osiyana, pamene pulagi yachikasu imafuna zonse zitasakanizidwa kale pa waya mmodzi. Kupota mawayawo pamodzi sikusakaniza kumene TV ikufuna.

Koma TV yanuyo musaitaye. Street Fighter II inatuluka mu 1991, ndipo zithunzi zake anazijambulira galasi lotere, la mizere 224 yokha. Pa TV yopyapyala zimaoneka zamabokosi, ndipo ma TV ambiri otere amachedwa pang'ono kuonetsa zimene wosewera wadina. Ana amazindikira msanga zimenezi. Malo a mabowo 21 mwawatchulawo ndi SCART, ndipo ndi mwayi umene ma TV ambiri a kuno alibe, chifukwa nthawi zambiri SCART imalandira mitundu itatu ija payokhapayokha.

Yambani ndi kompyuta, nthambo ibwere pambuyo. Mufunika khadi ya zithunzi ya AMD Radeon yakale, pulogalamu ya CRT Emudriver yoikakamiza kutulutsa 15 kHz (liwiro la TV lija la mizere pa sekondi), ndi GroovyMAME yoyendetsera masewerawo. Dziwaninso kuti poyaka kompyuta imayamba ndi 31 kHz isanafike mu Windows. Choncho m'mawa uliwonse muziyatsa kompyuta kaye, TV pambuyo. Lembani zimenezi papepala mumate pabokosipo, kuti mwana amene mumamusiyira baraka asaiwale.

Tsopano nthambo. Pini 1 ya VGA ndi yofiira, ipite ku pini 15 ya SCART. Pini 2, yobiriwira, ipite ku 11. Pini 3, yabuluu, ipite ku 7. Mapini 6, 7 ndi 8 a VGA ndi ma ground (mawaya obwererapo magetsi) a mitunduyi, ndipo apite ku 13, 9 ndi 5 motsatana. Musachite ulesi wowamanga onse pa kawaya kamodzi, chithunzi chimatuluka ndi mithunzi.

Pamene ambiri amagwa m'pa sync, chizindikiro chouza TV poyambira mzere ndi poyambira chithunzi. VGA ili ndi ziwiri, pa pini 13 ndi 14, koma SCART imalandira chimodzi pa pini 20. Mu CRT Emudriver mungasankhe composite sync kuti zonse zitulukire pa pini 13. Ikani resistor (kachipangizo kochepetsa mphamvu ya magetsi) ya maohm 470 pakati pa pini 13 ya VGA ndi pini 20 ya SCART, popeza kompyuta imatulutsa mavolti okwana mpaka 5 pamenepo, ochuluka kwa TV. Ground yake, pini 10, ipite ku 17.

Kwatsala pini 16 ya SCART. Popanda mphamvu ya pakati pa volti 1 ndi 3 pamenepo, TV siidziwa kuti mukuipatsa RGB, mitundu itatu ija payokhapayokha, ndipo galasi limangoti bii. Tengani mavolti 5 ku USB, adutse pa resistor ya maohm 180. Mawu alowere pa pini 2 ndi 6, ground pa 4. Mukamaliza, yezani pini iliyonse ndi mita yoyezera magetsi musanalumikize, chifukwa manambala a pulagi amatembenuka mukaiona chakumbuyo, kumene mukuwotcherera. Nthambo ikhale yaifupi, ndipo dulani ya VGA yonenepa, ija ya mawaya okutidwa bwino. Ma resistor musavutike kuwasaka mumzinda wa Tete kapena kuwoloka pa Calómuè kupita ku Dedza: wokonza mawailesi aliyense angakuchotsereni m'wailesi yakufa.

Zikakulemerani, ilipo njira yachidule. Kompyuta yaing'ono yotchedwa Raspberry Pi 3 imatulutsa chithunzi cha pulagi yachikasu pa kabowo kake ka 3.5 mm, pa liwiro limene TV imamva. Mitundu siiwala ngati ya SCART, koma ana asewera.

Chimene ndikupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musachotse TV m'chikopa chake kuti ikwane m'bokosi. Kulitsani bokosilo. M'kati mwa TV yotere muli mavolti pafupifupi 25,000, ndipo galasi limasunga mphamvu ngakhale mutazula pakhoma. Tsekani kumbuyo ndi loko, boolani mabowo otulukira mpweya wotentha kumwamba, ndipo onetsetsani kuti soketi yanu ili ndi waya wa ground weniweni. Ana ambiri adzaima pamenepo opanda nsapato, pa simenti yonyowa m'nyengo ya dzinja. Mphezi zikayamba, zulani zonse.

FUNSO: Bambo, TV yanga ikugwira ntchito, koma pangodya ya kumwamba pali banga lofiirira lomwe silichoka. Kodi galasi latha?
Wowerenga wa ku Furancungo, Macanga

YANKHO: Ayi mayi, silinathe. Ndikukhulupirira kuti mwaika sipika pafupi ndi galasi, ndipo maginito ake akukoka mitundu. Isunthireni kutali, zulani TV pakhoma kwa theka la ola kuti izizire, kenaka muyatse. Poyaka mudzamva kulira kwakufupi kuja, ndiko kawaya kozungulira galasi kakuchotsa maginito. Bwerezani kangapo. Likakanabe, pitani nayo kwa wokonza ma TV ayeze kachipangizo ka PTC koyatsa kawayako, kamakonda kufa ndipo n'kotchipa.