Mafomu atatu, wodwala mmodzi

Achemwali, zoti mukufuna kulowa m'magulu otumizidwa kukalimbana ndi milirizi mwandikanda pachilonda. Ine ndinapitako, ku Sierra Leone, 2014, Ebola itafika povuta. Pa pepala zonse n'zokoma. Malamulo a zaumoyo a padziko lonse, otchedwa IHR, a 2005 amati dziko likaona kuti matenda ndi oopsa liuze WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, pasanathe maola 24, ndipo GOARN, mgwirizano wa WHO wotumiza anthu kukalimbana ndi miliri, yomwe inayamba mu 2000, imasonkhanitsa akatswiri a mabungwe ambirimbiri. Koma GOARN silamula munthu, imangopempha. Mukafika kumeneko aliyense amamvera amene akumulipira.

Tinali ndi kamtsikana ka zaka ngati 9 mu tenti ya oganiziridwa kuti ali ndi Ebola. Magazi tinakatenga Lolemba. Ku labu anatibwezera, ati fomu yathu si yawo. Mabungwe atatu, mafomu atatu, mwana mmodzi yemweyo manambala atatu! Ndinaimbira abwana athu nditangovula zodzitetezera, thukuta lili kamukamu, manja akununkha klorini. Ati ali pa msonkhano wogwirizanitsa ntchito, ndiimbenso mawa. Msonkhano! Mwana anagona masiku anayi pakati pa anthu osanza ndi otsegula m'mimba, mayi ake ataima kuseri kwa mpanda kumuitana dzina. Zotsatira kubwera, analibe Ebola, anali malungo chabe. Tinamutulutsa tikusekerera. Sabata ndi theka anabweranso pa ambulansi, ulendo uno ali nayo. Abwana aja mu lipoti anangoti panali kuchedwa pang'ono. Anakwezedwa paudindo, ine mpaka lero sindinawakhululukire.

Ndipo kumwambako n'chimodzimodzi. MSF, bungwe la madokotala opanda malire, inakuwa mu Juni 2014 kuti mliri wathawa m'manja, WHO inadzalengeza za ngozi ya padziko lonse pa 8 Ogasiti. Anafa anthu oposa 11,000 m'maiko a kumadzulo kwa Africa. South Africa ndi Botswana atanena msanga za Omicron, mtundu watsopano wa Covid-19, mu Novembala 2021, zikomo wake kunali kutsekeredwa ndege. Nanga mawa adzaulule ndani? Pangano la miliri limene maiko a mu WHO anagwirizana mu Meyi 2025 nalo nkhani yovutayo, yogawana tizilombo ta kafukufuku ndi katemera, anaisiyira mtsogolo.

Komabe pitani achemwali, manja ndi ochepa. Musanasaine funsani amene adzakunyamuleni mukadwala, akulembereni pa pepala. Mafomu lembani onse ngakhale akhale asanu, ndipo musamalumphe abwana, amabweza anthu kwawo chifukwa cha zimenezo. Koma nambala ya munthu wa ku labu muipeze tsiku loyamba lomwe, muzimuimbira nokha.