Wotchi ya "500 okha padziko lonse": luso kapena nyambo?

Achimwene, kalata yanu ndaiona. Mukuti mwapeza wotchi ya ku Switzerland imene wogulitsa akuti anapanga 500 okha padziko lonse, mtengo wake ukuposa wa inzake ya masiku onse, ndiye mukufunsa ngati kuigula n'kudziwa zabwino kapena n'kumeza nyambo. Funso limeneli limandiyabwa, chifukwa mawu akuti "limited edition", kutanthauza katundu wopangidwa wowerengeka, anasukuluka kalekale ngati masamba a tiyi ophika kachitatu.

Choyamba kufunsa n'chakuti, chinachepetsa chiwerengerocho n'chiyani? Alipo mawotchi ochepa chifukwa manja sangathe kupanga ambiri. Philippe Dufour, mmisiri wa mawotchi wa ku Vallée de Joux ku Switzerland, anatulutsa wotchi yotchedwa Simplicity m'chaka cha 2000, ndipo oyambawo anangokwana pafupifupi 200. M'mphepete mwa tizitsulo ta m'kati amasema ndi tupa, kenako n'kupukuta ndi kamtengo ka gentian mpaka pang'anime ngati kalilole. Makina a m'fakitale sangalowe bwino pangodya yosongoka yoloza m'kati, choncho mukaiona ngodya yotero dziwani kuti munthu anakhalira pamenepo maola. N'chimodzimodzi nkhope ya wotchi (pamene pamazungulira mivi) ya enamel. Amathira ufa wa galasi pachitsulo chopyapyala, n'kuotcha mu uvuni wotentha madigiri pafupifupi 800, kutulutsa, kuthiranso, kuotchanso kangapo. Ikangong'aluka kapena kutulutsa kathovu pa ulendo womaliza, yonseyo amataya. Apa kuchepako n'koona.

Kenako pali chiwerengero chimene anthu ovala mataye amagwirizana pamsonkhano. Kampani ya Omega ndi katswiri pa zimenezi. Mu 2017 inatulutsa wotchi yake ya Speedmaster yotchedwa Speedy Tuesday, mawotchi 2,012, chifukwa dzinalo linayamba mu 2012. Onse anatha pa intaneti m'maola anayi ndi mphindi zochepa. M'kati mwake munali makina otchedwa 1861, omwewo amene anali mu Speedmaster wamba ya nthawi imeneyo. Mu 2019, pokumbukira kuti patha zaka 50 chifikire Apollo 11 kumwezi, anapanga achitsulo 6,969. Tanenani, 6,969 n'kuchepa kumeneko? Nambalayo anangoitola pa chaka cha 1969. Ndisawanamizire, imeneyi inabwera ndi makina atsopano otchedwa 3861, ndiye wogula anapezako china choposa utoto. Komabe fakitale yotha kupanga 6,969 ikanathanso kupanga 20,000 popanda wina kutuluka thukuta.

Imene imandiwawa kwambiri ndi ya kampani ya Patek Philippe. Mu Disembala 2021 anatulutsa Nautilus 5711 ya nkhope ya buluu wofanana ndi wa Tiffany, kampani yogulitsa zokongoletsera zodula, mawotchi 170, pokumbukira zaka 170 za ubale wa makampani awiriwa. M'sitolo inali madola 52,635. Imodzi itapita pa okushoni ya Phillips ku New York mwezi womwewo, inagulidwa pa madola 6.5 miliyoni. Chitsulo chomwecho, makina omwewo a 5711 wamba. Chosintha chinali mtundu wa nkhope, dzina la Tiffany & Co. pansi pake ndi mawu a pagalasi lakumbuyo. Pamenepa munthu asandiuze za luso. Chimene chinagulidwa ndi mwayi wouza anzako kuti iwe uli nayo, iwo alibe. Ndipo ndinene mosapsatira: mawotchi ambiri olembedwa manambala kumbuyo ndi malonda basi. Kampani ikamatulutsa "ochepa" a timu ya mpira, a mzinda, a sitolo, a chikondwerero chilichonse, ndiye kuti osowa enieni ndi wamba aja.

Chodabwitsa n'chakuti nambala siifunikanso kuti anthu apenge. Rolex kawirikawiri silemba manambala otere, koma yesani kulowa m'sitolo kukafuna Daytona yachitsulo, akulembani pamndandanda wodikira. Mu Malichi 2022 Swatch ndi Omega anatulutsa MoonSwatch ya batire, ya madola 260, ndipo ananeneratu kuti apitiriza kupanga. Anthu anagonabe pamizere kunja kwa masitolo, ena n'kumagulitsanso pamtengo wowirikiza kangapo. Patapita nthawi katundu anachuluka, mitengo ya ogulitsanso ija inagwa.

Zimene zimavuta mukagula

Wotchi ya makina imafuna sevisi pakatha zaka zisanu mpaka khumi, chifukwa mafuta amauma ndipo timphira totchinga madzi timalimba n'kuyamba kulowetsa chinyezi. Makina akakhala ofala, monga ETA 2824-2, Sellita SW200 kapena Valjoux 7750, okonza ambiri amawadziwa ndipo zipangizo zimapezeka. Vuto lili pa zakunja. Nkhope, mivi ndi lamba za wotchi ya 500 zinapangidwa zowerengeka. Madzi akalowa n'kudetsa nkhope patapita zaka 15, mukhoza kuuzidwa kuti yofanana nayo kulibe, n'kukuikirani ya wamba. Ndalama yonse yapamwamba imene munalipira inali pankhope imeneyo. Potumiza ku sevisi lembani papepala kuti asasinthe nkhope ndi mivi, komanso asapale chitsulo chakunja pofuna kuchiwalitsa, chifukwa kupalako kumadya ngodya ndipo kumafufutitsa nambala yozokotedwa ija.

Yang'ananinso kalembedwe ka nambalayo. "137/500" ndi wotchi imene ili ndi nambala yakeyake, yoti igwirizane ndi ya pakhadi la galanti. Mawu ongoti ndi imodzi mwa 500 amalembedwa chimodzimodzi pa onse, ndipo inu mulibe njira yowerengera. Ena amatha 500 achitsulo, chaka chamawa n'kutulutsa 500 ena atangosintha mtundu wa muvi wa masekondi.

Tsono za yanuyo. Funsani nambala ya makina ake, muiyerekeze ndi ya wotchi wamba ya kampani yomweyo. Akakhala amodzi, ndalama yowonjezerayo mukulipirira utoto ndi bokosi. Onani pa Chrono24, msika wa mawotchi wa pa intaneti, mitengo ya "ochepa" amene kampaniyo inatulutsa zaka zitatu kapena zisanu zapitazo. Ambiri mukawapeza pansi pa mtengo wa m'sitolo. Ngati nkhopeyo mungaikondebe nambala itafufutika, ndipo kusiyana kwa mtengo sikukupwetekani, gulani muzivala. Bokosi, khadi ndi lisiti musunge pouma, ndi timfundo ta lamba timene achotse pokuyesani pamkono.