Kutera pa 65, koma 65 ya chiyani?

Mwafunsa ngati liwiro la 65 limene munazolowera poyandikira kutera mungaligwiritsenso ntchito mu ndege ina yaing'ono. Ayi ndithu, musatero musanaone kaye kuti singano ya liwiro ya ndegeyo ikuwerenga mu chiyani.

Knot imodzi ndi 1.15 mph, kapena 1.852 km/h. Ndiye ngati munaphunzira 65 knots koma singano ili mu mph, mukaigwira pa 65 ndiye kuti mukuyenda 56 knots basi, pafupi kwambiri ndi stall, pamene mapiko amalephera kunyamula ndege. Mukasokoneza mbali inayo, liwiro limachuluka: ndege imangoyandama pamwamba pa runway osafuna kukhala pansi, runway n'kumatha mukuona. Ndege zambiri zakale, monga ma Cessna 172 a m'ma 1960, mabuku ake ali mu mph. Zina zili ndi manambala a mitundu iwiri pa geji imodzi, mph kunja, knots mkati, ndipo diso likatanganidwa limathamangira akunjawo. Buku, checklist ndi geji zilankhule chinenero chimodzi.

Nambala yeniyeni itengeni m'buku la ndegeyo, POH. Ngati mulibemo, chulukitsani Vso ndi 1.3. Vso ndi liwiro la stall ma flap (timapiko ta kumbuyo kwa mapiko) ali otsitsa onse, pamene mzere woyera wa pa geji umayambira. Apa m'pamene ambiri amapunthwa: kuchulukitsako kumachitika pa CAS, liwiro lokonzedwa pochotsa zolakwa za geji, osati pa zimene singano ikuonetsa, chifukwa liwiro likatsika, mphuno ili m'mwamba, singano imanama. Pa Cessna 172S, Vso ndi 40 knots pa singano koma 48 CAS. Mukatenga 40 mupeza 52, wochepa moopsa. Mukatenga 48 mupeza 62, ndipo bukulo limati 61 potera pa runway yaifupi.

Mphepo ikamawomba modukizadukiza, onjezerani theka la kusiyanako. Ikamachoka pa 10 kufika pa 20 knots, onjezerani 5, osati 10, osatinso "kenakake kachitetezo" pamwamba pake. Liwiro likapyola ndi 10 peresenti, mtunda wotera umatalika pafupifupi 20 peresenti.

Samalaninso pokhotera ku final, gawo lomaliza lolunjika pa runway. Mukapendeketsa mapiko madigiri 45 osatsika, liwiro la stall limakwera 19 peresenti. Mukaona kuti mwapitirira mzere wa runway, musakakamize kukhota ndi rudder, chiwongolero cha ku mchira. Onjezani moto wa injini, kwerani, mukazungulirenso.