Kwa mayi a ku Tsangano: kodi dokotala wakumudzi amasiya kwaya ndi khasu?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Tsangano, m'boma la Ntcheu. Mwana wawo wamkazi wakhoza bwino mayeso a MSCE, ndipo mtima wake wonse uli pa udokotala. Mwanayo amanena kuti akadzamaliza sadzakhala m'tauni, adzabwerera kudzathandiza kwawo. Mayiwa akufuna kudziwa njira imene mwanayu adzadutse. Koma chimene chikuwasowetsa tulo ndi china. Mtsikanayu ndi amene amatsogolera nyimbo pakwaya ya kutchalitchi, ndipo dimba la kachewere la bambo ake amalisamala ndi iye. Imelo yawo inathera pa funso lakuti, "Kodi zonsezi adzazisiya?"

Mayi, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani ya mwana wanu. Ine si dokotala. Ndine namwino komanso mzamba, ndipo ndagwira ntchito zaka zambiri m'zipatala za kuno ku Dedza. Madokotala ndawaona akubwera ndi chikwama chimodzi, ena n'kukhazikika, ena n'kuchoka nyengo ya mvula isanathe. Ndikuyankhani monga mwa zimene maso anga aona.

Tiyambe ndi dzina lenilenilo. Kwathu kuno aliyense wovala choyera amene wakufunsa kuti "chikuvuta n'chiyani" timati adokotala, koma anthuwa ali mitundu itatu. Amene mumawapeza pachipatala chaching'ono nthawi zambiri ndi a Medical Assistant, ophunzira zaka ziwiri. Pamwamba pawo pali a Clinical Officer, amene amaphunzira zaka zitatu ku Malawi College of Health Sciences kapena ku Malamulo, m'boma la Thyolo, kenaka n'kugwira chaka chimodzi moyang'aniridwa. Anthu amenewa musawaone pansi. Amayi ambiri amene anabereka pa opareshoni m'zipatala za m'maboma, mpeni unali m'manja mwa Clinical Officer.

Njira imene mwana wanu akuilakalaka ndi yachitatu, ya digiri ya MBBS. Sukulu yake ili ku Blantyre. Inatsegulidwa mu 1991 ndi dzina lakuti College of Medicine, ndipo kuyambira mu 2021 ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Wochokera ku MSCE amayamba ndi chaka chimodzi chokonzekera, kenaka zaka zisanu za udokotala weniweni. Akatero amagwira miyezi 18 moyang'aniridwa pachipatala chachikulu monga Queen Elizabeth kapena Kamuzu Central, ndipo apo m'pamene a Medical Council of Malawi amamuloleza kugwira ntchito payekha. Mukawerenga bwino, ndi zaka zisanu ndi ziwiri ndi theka. Mwana amene akuyamba sitandade 1 chaka chino adzakhala akukonzekera mayeso a sitandade 8 pamene wanuyu azidzamaliza.

Pali maphunziro ena apamwamba amene ndikufuna mwana wanu awadziwe, chifukwa akugwirizana ndi zimene akunena. Amatchedwa Family Medicine, ndipo kuno kwathu anayamba mu 2015. Ndi a zaka zinayi, ndipo ophunzira ake amakhala nthawi yambiri ku chipatala cha boma cha Mangochi ndi cha mishoni cha Nkhoma, osati m'zipatala zikuluzikulu. Ku Nkhoma si kutali ndi kuno, mukadutsa Linthipe polowera ku Lilongwe mumakhotera kumanja pa Kamphata. Ku mayiko ngati Britain dokotala wa mtundu umenewu amakhala m'kachipinda, kuona odwala a m'dera lake, zikakula n'kuwatumiza kwa akatswiri. Ntchito imeneyi ndi imene Dr Hastings Kamuzu Banda ankagwira ku Liverpool, North Shields ndi London asanabwerere kuno mu 1958. Wathuyu kuno alibe wina womutumizira pafupi. M'mawa aona mwana wa chibayo, masana agogo a BP ndi shuga, madzulo mnyamata wa khunyu amene wagwera pamoto, usiku ali ku fiyeta.

Ndikuuzeni zoona pa mawu akuti "kwathu". Dokotala wa digiri kawirikawiri sakhala pachipatala chaching'ono. Amamuika ku chipatala cha boma, kapena cha mishoni monga Mua, chimene chili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo yachikhristu. Ndiye kubwerera kwawo kungadzatanthauze kukhala pa boma pa Ntcheu, n'kumayendera zipatala za kumidzi pa masiku ake. Chinanso chimene chimandipweteka mtima n'chakuti dokotala akangofika paboma, posachedwa amamusenzetsa za muofesi: misonkhano, mafuta a ambulansi, ndondomeko za ndalama. Munthu anaphunzira kuchiza, koma tsiku limatha akusayina mapepala. Amene ali ndi mtima wa odwala amachita kulimbana kuti asachoke muwodi.

Tsopano funso lanu lenileni.

Usiku wina wa mu June, kuja kozizira mpaka zala kukanika kumanga mfundo, anatibweretsera mtsikana wochokera kuchidikiro. Anali atavutika nthawi yaitali, mwana osatsika, ndipo mtima wa mwanayo unayamba kugunda mofooka. Amene anali pa kolo, kutanthauza woyembekezera kuitanidwa usiku umenewo, anali dokotala wachitsikana, woonda, wongofika kumene. Anabwera atafunda chitenje pamwamba pa juzi. Anagwira mimba, anamvetsera, n'kunena motsitsa kuti, "Asisita, konzani, tikulowa." Magetsi anazima tili mkati, ndipo kwa kanthawi jenereta isanalire ine ndinkawalitsa ndi tochi ya pafoni. Manja ake sananjenjemere. Mwana analira, mayi ake a mtsikanayo panja anayamba kululutira. Tinatuluka kutatsala pang'ono kucha.

Cha m'ma 6 koloko ndikupita kwathu kukagona, ndinamupeza kuseri kwa nyumba yake atawerama, akuthirira mpiru ndi tomato ndi kheni. Ndinati, "Adokotala, simugona?" Anandiyankha kuti akangolowa m'nyumba chonchi tulo sitibwera, amangoonabe magazi, koma akagwira dothi mtima umatsika. Dokotala ameneyu anakhala nafe zaka zambiri. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuonetsetsa, ndipo ndinapeza kuti amene amakhalitsa kumudzi ndi amene ali ndi kanthu kena kowamangirira pamalopo kuposa ntchito yokha.

Ndipo kanthu kameneko kamalowa m'ntchito momwe. Tinali ndi Clinical Officer wina wolima kwambiri, wa kachewere ndi nyemba. Ameneyu sankalembera mlimi tsiku lodzatenga mankhwala a BP mwachisawawa. Ankadziwa sabata yopalira, sabata yothira feteleza, tsiku la msika wa pa Lizulu. Ankafunsa kuti, "Bambo, mukumba liti?" kenaka n'kusankha tsiku. Odwala ake sankadumphitsa mankhwala. Munthu akabwera akutuluka thovu, ankadziwa msanga kufunsa za mankhwala opopera tomato ndi tameki, chifukwa mabotolo ake ankawadziwa ndi manja ake omwe.

Za kwaya ndiye ndinganene zambiri. Dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi kwambiri, chonsecho kuyeza kwake n'kosavuta, timangopaka viniga n'kuyang'ana. Vuto ndi manyazi. Mayi wa zaka 50 amene akutaya magazi pomwe anasiya kale kusamba sangathe kunena zimenezi pamzere wa anthu, chitseko chili pululu. Koma dokotala wamkazi akamaima naye mzere umodzi wa alito Lachinayi lililonse, tsiku lina pobwerera adzatsalira m'mbuyo dala n'kunena kuti, "Mwana wanga, pali kanthu." Ndaona amayi akupulumuka chifukwa cha kuyenda pang'onopang'ono kumeneko. Abambonso chimodzimodzi. Amene safika kuchipatala ngakhale atavutika chotani, pabawo amatha kuulula kuti usiku akudzuka kasanu kukataya madzi.

Walira mvula walira matope, mayi. Kudziwika kumeneku kuli ndi katundu wake. Pamaliro wina adzamukokera pambali kumuonetsa chotupa. Kumsika adzamufunsa zotsatira za magazi a mnansi wawo. Mwana wanu adzayenera kuphunzira kuyankha mwaulemu kuti, "Mubwere Lolemba ndi kabuku kanu," ndiponso kutseka pakamwa. Amene wamuyeza kachilombo dzulo akhoza kukhala amene akuimba naye lero, ndipo nkhope yake isasonyeze kanthu. Ngakhale inu mayi ake simudzayenera kumufunsa kuti uje akudwala chiyani. Mukamadzatero mudzamuika pamalo ovuta kwambiri.

Sindikubisirani, ziliko nyengo zimene kwaya imaima ndithu. M'zaka za sukulu, makamaka akayamba kulowa m'mawodi, ndiponso m'miyezi 18 ija, nthawi imachepa zedi. Pa mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene unatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ambiri a ife tinaiwala kuti Lamulungu limafika liti. Koma zimenezi zimadutsa. Choopsa ndi munthu amene alibe kobwerera zikadutsa. Ndikukumbukira mnyamata wina waluso kwambiri pa opareshoni, wochokera kutali, amene analibe mpingo, munda, mpira kapena mnzake. Akaweruka ankadzitsekera m'nyumba. Pang'ono ndi pang'ono botolo linakhala mnzake, ndipo tinamutaya tikuona. Mpaka lero ndimadzifunsa chifukwa chake sitinamukoke kuti azidzadya nafe nsima madzulo.

Pa zoti achite panopa, aonetsetse zilengezo za NCHE, bungwe loona za maphunziro a ukachenjede, chifukwa kusankhidwa kupita ku mayunivesite a boma kumadzera kumeneko. Maphunziro amene amayang'anidwa kwambiri ndi Biology, Chemistry, Physics, masamu ndi Chingerezi. Malo ndi ochepa, opikisana ndi ambiri. Akapanda kusankhidwa asataye mtima, njira ya Clinical Officer ndi yolemekezeka, imamufikitsa kumudzi msanga, ndipo pambuyo pake akhoza kudzawonjezera mpaka digiri. Podikira, apite pachipatala chapafupi akapemphe kucheza ndi amene amagwira ntchito pamenepo. Akhale pabenchi tsiku la sikelo, aone mzere, amve fungo, aone mmene alangizi a zaumoyo amagwirira ntchito. Akabwerako akufunabe, ndiye kuti n'zake.

Inuyo mayi, muwauze bambo ake kuti mizere ingapo ya m'dimba muja asaipereke kwa wina. Akabwera kutchuthi musamamuuze kuti manja a dokotala sagwira khasu, mulekeni alowemo. Akafika ku Blantyre, sabata yoyamba yomweyo akafune mpingo wokhala ndi kwaya, akalembetse dzina. Ndipo mumuuze andilembere yekha, ndili ndi zina zokhudza nyumba za ogwira ntchito ndi ma kolo a usiku zimene ndikufuna ndimuuze mwini wake.