Maties ya ku Stellenbosch: yankho kwa m'bale wa ku Cape Town

M'bale wina amene amagwira ntchito ku Cape Town wandilembera imelo. Mwana wake wapeza malo ku yunivesite ya Stellenbosch ndipo akulakalaka kusewera rugby. Bamboyu akufunsa kuti Maties, timu ya rugby ya yunivesiteyo imene anthu amaitamanda chonchi, inachita chiyani kwenikweni, nanga mwana wakuda angakwane kumeneko?

Achimwene, dzina la Stellenbosch si lachilendo kwathu. A.C. Murray, amene anatsegula mishoni ya Mvera mu 1889, anaphunzira zaubusa m'tauni yomweyo. Kalabu ya rugby nayonso ndi ya m'nyengo imeneyo, ndipo imawerenga zaka zake kuyambira 1875, kale kwambiri sukuluyo isanakhale yunivesite mu 1918. Paul Roos, kaputeni wa timu ya dziko la South Africa imene inapita ku Britain mu 1906 n'kubwerako ndi dzina lakuti Springboks, anali wa ku Stellenbosch.

Mukafuna zikho, zilipo. Mpikisano wa mayunivesite wa Varsity Cup utayamba mu 2008, Maties inautenga zaka zitatu zotsatizana, 2008, 2009 ndi 2010, ndipo kawiri mwa katatuko inagonjetsa adani ake akale a yunivesite ya Cape Town (UCT) mu ndime yomaliza. Inadzatenganso mu 2018 ndi 2019. Komabe Tuks, timu ya yunivesite ya Pretoria, nayo inakwanitsa kasanu pofika 2022, choncho zikho pazokha sizikufotokoza ulemu umene anyamata a Maties a jezi yofiira moderapo amalandira.

Ine ndimaona kuti mphamvu ya kalabuyi inachokera kwa aphunzitsi awiri amene anakhalitsa. Woyamba ndi A.F. Markötter, amene anyamata ankamutchula kuti Oubaas Mark. Anaphunzitsa kuyambira 1903 mpaka imfa yake mu 1957, ndipo ambiri amati ndiye anakhazikitsa kaimidwe ka scrum (pamene osewera asanu ndi atatu a timu iliyonse amagwirana n'kumakankhana polimbirana mpira) kamene dziko lonse limatsata lero: atatu kutsogolo, anayi pakati, mmodzi kumbuyo. Anali ndi diso loona mnyamata n'kudziwa malo omuyenera pabwalo. Diso limenelo linagwera Danie Craven, amene anavala jezi ya Springboks mu 1931, nadzakhala kaputeni, kenako kochi wa timu imene inakwapula All Blacks ya ku New Zealand magemu onse anayi mu 1949. Craven anaphunzitsa Maties kuyambira 1947 mpaka 1991. Tangoganizani, munthu amene ankatsogolera bungwe la rugby la dziko la South Africa kuyambira 1956, madzulo ankapezeka pabwalo la Coetzenburg ndi galu wake Bliksem akuyang'ana ana asukulu akugwetsana m'matope. Chiboliboli cha Craven ndi galu wakeyo chilipo pomwepo, mwana wanu akachiona.

Koma chimene ndimachisirira koposa ndi ligi ya m'mahositelo, imene eniake amati koshuisrugby. Hositelo iliyonse ya anyamata imakhala ndi matimu ake, ndipo Lachisanu madzulo zimavuta. N'chifukwa chake Maties imatchulidwa m'gulu la makalabu a rugby okhala ndi osewera ochuluka kwambiri padziko lonse. Ngakhale bungwe loyendetsa rugby padziko litafuna kuyesa malamulo atsopano mu 2006, linapita kwa anyamata a m'mahositelowa, mpaka malamulowo anayamba kutchedwa ndi dzina la Stellenbosch.

Tsopano funso lanu lachiwiri, limene ndikudziwa kuti ndilo likukusowetsani tulo. Kwa zaka zochuluka kalabuyi inali ya azungu okhaokha, ndipo zimenezo siziyenera kubisidwa. Yunivesite yomweyi ndi kumene Hendrik Verwoerd, mmisiri wa ulamuliro wa tsankho, anaphunzira ndi kuphunzitsa. Anyamata akuda ndi makaladi a m'midzi yozungulira ankasewera rugby yawo yamphamvu, koma chitseko cha Coetzenburg chinali chotseka. Craven mwini wake anatsogolera rugby ya azungu m'zaka zambiri za tsankho. Ndi Craven yemweyo amene mu 1988 anapita ku Harare kukakumana ndi atsogoleri a ANC boma lake likukwiya, ndipo mu 1992 mabungwe a rugby amene anali ogawikana chifukwa cha tsankho anaphatikizana kukhala limodzi, iye asanamwalire mu 1993. Ine sindimutenga ngati woyera mtima, koma ulendo wa ku Harare unafunika kulimba chiwindi.

Lero jezi ija ikuvalidwa ndi anyamata a mitundu yonse, ndipo mungadzionere nokha pa TV Lolemba madzulo nyengo ya Varsity Cup ikafika. Nkhani za tsankho m'mahositelo ena zimamvekabe, choncho muzicheza naye mwanayo pafupipafupi, ndipo adziwe ofesi yokadandaulako zikavuta.

Langizo langa ndi lakuti asathamangire timu yoyamba, chifukwa kumeneko kumadzaza anyamata amene anaonekera kale ali kusekondale ku Craven Week, mpikisano waukulu wa rugby wa ana asukulu. Ayambe ndi timu ya hositelo yake, aphunzire Chiafrikaans chokwanira kumva zimene anzake akukuwa pabwalo, ndipo asalekerere maphunziro, popeza Varsity Cup ili ndi malamulo oti wosewera azikhoza m'kalasi. Mumugulire choteteza mano asanapite.